Manja kumbuyo: zimene ndaona potsogolera masikauti

Anthu akamva kuti ndakalambira m'gulu la masikauti, funso lawo loyamba limakhala la ndalama: "Ndiye amakupatsani zingati?" Ndikawauza kuti palibe, kuti yunifomu ndimagula ndekha ndipo pa ulendo uliwonse ndimasonkha monga amasonkhera ana, ena amapukusa mutu mondimvera chisoni, ena amayamba kunditamanda. Koma kusalipidwako sikunandivutepo kwenikweni. Chimene chimavuta pa ntchitoyi, moti mpaka lero ndi imvi zangazi zala zimandiyabwabe, ndi kuima pafupi ndi ana amene akulakwitsa chinthu choti iwe ungakonze pa mphindi ziwiri, manja ako uli utawapinda kumbuyo.

Tengani nkhani ya tenti. Chaka china tili ku kampu, kagulu ka ana 6, wamkulu wawo wa zaka 14, kanapatsidwa tenti ya nsalu yolemera ija, mitengo yake, zingwe ndi thumba la zikhomo. Dzuwa linali litapendeka ndipo kumwamba kunkachita bii. Mtsogoleri wawo anasankha malo osalala bwino, a udzu wofewa, koma anali pokumbika pamene madzi onse a kumtunda amatsikira. Khomo analozetsa kumene mphepo inkachokera. Zikhomo ankakhoma choimirira, pamene zimafunika kupendekera kutali ndi tenti kuti chingwe chikakoka zisazuke. Zonsezi ndinkaziona. Ndinadutsa pomwepo n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Mvula ikagwa, madzi a pamtunda apo alowera kuti?"

Mnyamatayo anayang'ana kumtunda, anayang'ana tenti imene inali itatsala pang'ono kutha, kenako anzake amene anali atatopa kale.

"Siigwa, bambo."

Ndinati chabwino, n'kupitirira.

Inagwa. Pakati pa usiku ndinamva kuitanizana, matochi akungoti waliwali m'tentimo. Ine ndinali maso chifukwa ndinkadikirira zomwezo. Madzulo aja ndinali nditamanga mabulangete ouma m'thumba la pulasitiki, ndiponso m'tenti yosungiramo katundu, imene inali pamalo okwera, ndinali nditasiyamo mpata woti ana 6 angagone. Inalinso nyengo yotentha. Kukanakhala kozizira, kapena kukanakhala ziphaliwali, tentiyo ndikanaisamutsitsa nthawi yomweyo popanda kukambirana ndi munthu. Kutacha sindinakalipire aliyense, ndipo mawu oti "ndinakuuzani" sanatuluke pakamwa panga. Ndinawapeza akuzula okha zikhomo, akukangana za malo atsopano. Chaka chotsatira ndinamumva mnyamata yemwe uja akuuza ana atsopano kuti asanatule katundu ayambe aona kumene madzi angalowere, ndiponso kuti zingwe za khonje zimafupika zikanyowa, choncho azizimasulako pang'ono asanagone. Ankayankhula ngati nzeruzo anabadwa nazo. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Njira imeneyi sindinaipeke ine. Pa 1 Ogasiti 1907, Robert Baden-Powell, amene anayambitsa gulu la masikauti, anatenga anyamata pafupifupi 20 n'kukamanga nawo msasa pa chilumba cha Brownsea, kufupi ndi tauni ya Poole ku England. Ena anali ochokera m'sukulu za ana a anthu olemera monga Eton ndi Harrow, ena anali ana a anthu wamba a ku Poole ndi Bournemouth. Anawasakaniza n'kuwagawa m'timagulu tinayi timene timati patrol, tokhala ndi mayina a nyama ndi mbalame: Wolves, Bulls, Ravens ndi Curlews. Kagulu kalikonse kanali ndi mtsogoleri amene anali mnyamata mnzawo, ndipo iyeyo ndiye ankayankha pa zonse za anzakewo.

Zimene zinachitika chaka chotsatira ndi zimene ndimafuna mtsogoleri aliyense watsopano azidziwe. Mu Januwale 1908, buku lake lakuti Scouting for Boys linayamba kutuluka m'zigawo 6, chigawo chimodzi pa milungu iwiri iliyonse. Mwiniwakeyo ankaganiza kuti lithandiza mabungwe a achinyamata amene analipo kale, monga Boys' Brigade. Koma anyamata anayamba kugula okha, kupanga okha timagulu, kenako n'kumafunafuna munthu wamkulu woti awathandize. Mu 1909, pa msonkhano waukulu wa ku Crystal Palace ku London, kunafikanso atsikana amene palibe anawaitana, atavala ngati masikauti, ndipo mu 1910 panakhazikitsidwa gulu la Girl Guides lotsogoleredwa ndi mlongo wake Agnes. Ana ndiwo anayamba. Akuluakulufe tinachita kuitanidwa, ndipo munthu woitanidwa sayenera kulanda pakhomo.

M'gulu lathu, atsogoleri a timagulu amakhala ndi bwalo lawo kamodzi pa mwezi. Iwo ndiwo amagwirizana kumene tidzapite, zimene tidzaphunzire ndi zoti achite ndi mnzawo amene wakhala akujomba. Ine ndimakhala pambali. Ndili ndi mphamvu yokana chinthu pokhapokha ngati chili choopsa kapena choti thumba la makolo silingakwanitse. Kunena zoona, misonkhano imeneyi imachedwa koopsa. Nkhani yoti munthu wamkulu angaidule kamodzi amatha kuizungulira ola lathunthu, wina akuseka, wina wakwiya chifukwa maganizo ake sanatengedwe. Koma ndaona kuti ulendo umene agwirizana okha sadandaula nawo ngakhale miyendo itatupa, pamene ulendo umene ndawasankhira ine amayamba kufunsa kuti tifika nthawi yanji tisanathe n'komwe kilomita yoyamba.

Atsogoleri a timagulu amasankhidwa ndi ana anzawo. Anzanga ena amatsutsa zimenezi, amati ana amasankha wotchuka, osati wodziwa ntchito. Nthawi zina zimaterodi. Koma ana amaona zinthu zimene ife sitiona. Kagulu kena kanasiya mnyamata wamphamvu, wodziwa mfundo zonse za zingwe, n'kusankha mtsikana wofatsa wa mawu otsika amene ine sindinkamuwerengera n'komwe. Nditafunsa kamnyamata kakang'ono kwambiri m'kagulumo, kanandiyankha kuti, "Amatidikira tikatsalira." Ine ndinkayenda kutsogolo kwa mzere, ndiye zimenezo ndikanazionera kuti?

Pali atsogoleri ena amene amakonda wezulo kwambiri. Gulu lawo limaoneka bwino pa perete, mizere yowongoka, nsapato zonyezimira, sikafu yopindidwa mofanana kuyambira woyamba mpaka womaliza. Sindinyoza ukhondo, ndipo ndimafuna mwana aziimirira mwaulemu pokweza mbendera ndi ponena lonjezo. Koma ndikafuna kudziwa ngati gulu lili ndi moyo, ndimaona zimene zimachitika mtsogoleri wamkulu akachedwa. Ngati ana angokhala pansi kudikirira wezulo, ndiye kuti gululo ndi la munthu mmodzi. Baden-Powell yemweyo, ngakhale anali msilikali, sankafuna kuti kuguba kukhale mutu wa zonse.

Poti ndamutchula munthuyu kangapo, ndinenepo maganizo anga pa iye. Anali mmodzi mwa akuluakulu a asilikali a Britain pa nkhondo za atsamunda. Anatchuka chifukwa choteteza tauni ya Mafeking ku South Africa kwa masiku 217, kuyambira mu 1899 mpaka mu 1900. Pa nkhondo yolimbana ndi Andebele mu 1896 analamula kuti mfumu ina, dzina lake Uwini, iphedwe, ndipo nkhaniyo inafufuzidwa ndi akuluakulu ake amene pamapeto pake sanamupeze wolakwa. Nyanga ya ngoma, nyama ya nyanga zopotana ija, imene ankaliza podzutsa anyamata pa Brownsea, anaitenga pa nkhondo yomweyo. Mu 2020 chipilala chake ku Poole chinachita kutchingidwa ndi matabwa poopa kuti anthu okwiya ndi mbiri yakeyi achigwetsa. Ana akuluakulu a m'gulu lathu ndimawauza zonsezi osabisa. Ndimawauzanso kuti anamwalira pa 8 Januwale 1941 ku Nyeri m'dziko la Kenya, ndipo pamwala wa manda ake pali chizindikiro chimene timaphunzira potsata njira m'tchire, kadontho pakati pa mzere wozungulira, chotanthauza kuti munthu wabwerera kwawo. Mwana amene timamuphunzitsa kunena zoona sitingamupatse mbiri yosefedwa. Gululi linakula n'kupitirira amene analiyambitsa, ndipo lero lili ndi mamembala oposa 50 miliyoni m'mayiko oposa 170.

Tsono musaganize kuti manja amakhala kumbuyo pa chilichonse. Pali malo amene sindikambirana ndi mwana. Wogwira nkhwangwa amayamba watambasula mkono ndi nkhwangwayo n'kuzungulira kuti aone kuti palibe munthu kapena nthambi pafupi, ndipo sadula nkhuni atavala nsapato zoonetsa zala. Pamadzi aliyense amalowa ndi mnzake, ndipo wezulo ikalira awiriwo amagwirana dzanja n'kulikweza kuti tiwerenge. Moto sausiya wokha, ndipo m'tenti simulowa kandulo. Ndimawerenga mitu ponyamuka, popuma, pofika ndi pogona, mwina kuposa mmene ana amafunira.

Ndipo pali nkhani imene anthu a msinkhu wanga sakonda kuikamba, koma ine ndiikamba. Gulu lililonse limene limasonkhanitsa ana limakopanso anthu ofuna kuwachitira nkhanza. Ku America, bungwe la Boy Scouts of America linalengeza mu Febuluwale 2020 kuti lagwa pa chuma chifukwa cha milandu ya anthu amene anagwiriridwa ali ana, ndipo amene anabweretsa madandaulo anaposa 80,000. Ambiri a iwo anali atakhala chete kwa zaka makumi angapo. Nditawerenga nkhaniyo ndinasowa tulo, chifukwa anthu amene anachita zimenezo ankavala sikafu ngati yanga ndipo makolo ankawakhulupirira monga amandikhulupirira ine. N'chifukwa chake malamulo oteteza ana ndimawagwira ndi manja awiri. Munthu wamkulu sakhala yekha ndi mwana mmodzi pamalo obisika. Pa chochitika chilichonse pamakhala akuluakulu osachepera awiri. Akulu sagona m'tenti ya ana. Uthenga wa pafoni umapita kwa makolo kapena pagulu, osati kwa mwana payekha. Bungwe la masikauti la padziko lonse lili ndi maphunziro otchedwa Safe from Harm, ndipo ine ndimawachita mobwerezabwereza limodzi ndi achinyamata amene angoyamba kumene. Mnzanga wina wakalekale anandiuza kuti malamulowa amamunyoza, ngati kuti akumukayikira pambuyo pa zaka zonse zimene watumikira. Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, lamulo likayamba kusankha nkhope ndiye kuti latha ntchito. Amene anawononga ana aja analinso anthu odziwika bwino." Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati ndi wangadi, sindingadandaule kuti pali maso ena amene akumuyang'anira, ngakhale maso amenewo akuyang'ananso ine.

Mbali yaikulu ya moyo wa mtsogoleri wodzipereka ndi yoti palibe angaijambule chithunzi. Kulemba kaundula. Kulembera makolo makalata opempha chilolezo, kenako kuwatsatira amene sanabweze. Kudziwa mwana amene ali ndi mphumu, amene amamwa mankhwala usiku, amene sadya zakutizakuti. Kuyanika matenti pambuyo pa kampu ana onse atapita kwawo, chifukwa nsalu ikapindidwa yonyowa imachita nkhungu n'kuola. Kukapempha malo ochitira msonkhano kwa anthu amene chaka chilichonse amaiwala kuti anavomera kale. Ndiponso kufika mlungu uliwonse, kaya kwabwera ana 30 kaya 4. Ichi chomalizachi ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa luso lililonse. Pali ana amene kwawo zinthu zimasinthasintha: lero bambo alipo, mawa achoka, mkuja asamukira kwa achibale. Kwa mwana wotero, kudziwa kuti tsiku lakuti, ola lakuti, chitseko chija chikhala chotsegula ndipo munthu yemwe uja amutchula dzina, n'chinthu cholemera kwambiri.

Mtengo wake amalipira ndi a kunyumba. Masiku opuma amene anthu ena amakhala ndi mabanja awo, ine ndinkakhala m'tchire ndi ana a eni. Mkazi wanga wasoka mabaji ochuluka pa malaya a ana amene makolo awo analibe nthawi, ndipo kwa zaka zambiri chipinda chimodzi cha nyumba yathu chinkanunkha utsi ndi nsalu ya tenti. Achinyamata amene akufuna kuyamba ntchitoyi ndimawauza kuti akambirane kaye ndi a kunyumba kwawo, ndiponso kuti aphunzire kukana. Mtsogoleri amene amavomera ntchito iliyonse sachedwa kutopa, ndipo akatopa amachoka osatsanzika, gulu n'kugwa naye limodzi.

Chinthu chimene ndimavala monyadira ndi timikanda tiwiri tamtengo tomangidwa pa kachingwe kachikopa, timene timati Wood Badge. Maphunziro a atsogoleri opezera timikandati anayamba mu Sepitembala 1919 ku Gilwell Park, pafupi ndi nkhalango ya Epping kunja kwa London, pamalo amene anagulidwa ndi ndalama zimene anapereka William de Bois Maclaren. Mpaka lero sikafu ya omaliza maphunzirowa imakhala ndi kachigamba ka nsalu ya banja la Maclaren kumbuyo kwake. Chimene ndinakonda pa maphunzirowa n'chakuti akuluakulu nonse amakugawani m'timagulu n'kukusandutsani ana. Mumagona m'tenti imodzi, mumaphika nokha, ndipo utsogoleri umazungulira. Pa tsiku limene ankatitsogolera mnyamata wamng'ono kwa ine, ndinamva m'thupi mwanga mmene zimakhalira kulamulidwa ndi munthu amene ukuganiza kuti ukumuposa nzeru, ndiponso mmene zimapwetekera ophunzitsa akabwera n'kukonza ntchito yanu pamaso panu musanapemphe thandizo. Ndinabwerako ndikumvetsa ana anga kuposa kale.

Anthu amafunsanso za jamboree, msonkhano waukulu wa masikauti a padziko lonse. Woyamba unachitikira ku Olympia mu London mu 1920, ndipo kunabwera masikauti pafupifupi 8,000 ochokera m'mayiko 34. Wa mu 2023 unachitikira ku Saemangeum m'dziko la South Korea, kumene kunasonkhana anthu oposa 40,000. Kunatentha kwambiri, magulu a ku UK ndi ku America anachoka pamsasapo msanga, kenako onse anasamutsidwa chifukwa cha namondwe wotchedwa Khanun. Pa misonkhano imeneyi, akuluakulu ambiri amene amagwira ntchito zogawa chakudya, kulondera ndi kuyeretsa amachita kulipira okha kuti akagwire ntchitoyo. Komabe ana ochuluka a m'gululi sadzapondako ku jamboree ya padziko lonse, ndipo sindiona kuti usikauti wawo ndi woperewera. Mu Okutobala chaka chilichonse timalankhulana ndi masikauti a kutali kudzera pa wailesi ndi pa intaneti, mwambo umene unayamba ndi wailesi yokha mu 1958, ndipo mwana akamva mawu a mnzake wa kutsidya kwa nyanja akumufunsa dzina la kagulu kake, nkhope yake imawala mokwanira.

Ana ambiri amachoka akafika zaka 15 kapena 16. Mayeso amawapanikiza, mpira umawakoka, ena amayamba kuchita manyazi ndi yunifomu pamaso pa anzawo. Kale zinkandiwawa. Masiku ano ndimangoonetsetsa kuti wochoka achoke bwino, adziwe kuti sanalakwire munthu. Ena amadzatulukira patapita zaka, atagwira mwana wawo padzanja. Mmodzi anandiimitsa pamsewu n'kundiuza kuti anathandiza munthu wovulala pa ngozi, anatsindira pabala ndi nsalu mpaka magazi analeka, ndipo manja ake ankangochita okha zimene tinkayeserera pa udzu tikuseka. Ena sindinawamvenso. Enanso moyo sunawayendere bwino, ndipo sindinamizira kuti sikafu imateteza munthu ku zonse.

Gulu lathu tsopano likutsogoleredwa ndi mayi wina amene anabwera kwa ine ali kamtsikana kosadziwa kumanga ngakhale mfundo ya reef knot. Ndinamusiyira ndidakali ndi mphamvu, dala, chifukwa ndaona magulu abwino akutha pamodzi ndi nkhalamba imene inakana kutula udindo mpaka matenda anaitulitsa. Pamaso pa ana ndimati "Atsogoleri", ndipo mwana akabwera kwa ine ndi funso loyenera iwo ndimamubweza: "Kafunse kwa Atsogoleri." Asintha zambiri. Perete anaifupikitsa. Amalola mafoni pa maulendo ena, amaphunzitsa ana kuyerekeza mapu a pafoni ndi a papepala, kenako amawauza kuti azimitse mafoniwo n'kupeza njira ndi kampasi yokha. Poyamba ndinkakayikira, koma ana akudziwa mapu kuposa a m'nthawi yanga. Pali zinanso zimene mpaka pano sindigwirizana nazo, ndipo ndimawauza tili awiri, iwo n'kusankha. Ine ntchito yanga tsopano ndi ya katundu: kusoka matenti, kunola nkhwangwa, kuwerenga zikhomo ndi kuphunzitsa mfundo kwa amene wafuna.

Chimene chikutisowa ndi akuluakulu. Vutoli lili m'mayiko ambiri. Ku UK ana masauzande ambirimbiri ali pa mndandanda wodikirira malo chifukwa chosowa atsogoleri odzipereka, ndipo ifenso timabweza ana pa chifukwa chomwecho, poti sitingalandire ochuluka kuposa amene tingawayang'anire bwino. Makolo ndikawapempha, yankho limakhala lofanana: "Ine za zingwe ndi za m'tchire sindizidziwa." Bambo wina amene ankangodikirira mwana wake pageti mlungu uliwonse anandiyankha chomwecho. Ndinawauza kuti, "Bambo, inu lowani mudzakhale munthu wamkulu wachiwiri, chifukwa popanda wachiwiri ulendo wa mwezi uno sitipita. Zingwezo akuphunzitsani ana." Analowa, anadzaza mafomu, anachita maphunziro oteteza ana, ndipo mfundo ya bowline anaphunzitsidwa ndi kamtsikana ka zaka 12 kamene kanawabwezetsa mpaka anakhoza. Mwezi wamawa akutsogolera okha ulendo wa tsiku limodzi, ndipo tikufunabe munthu wina wamkulu woti apite nawo.